Dzina limene ndinkalibisa

Kwathu ku Katete kuli maina amene makolo amapatsa mwana akabadwa m'nyumba muli chisoni. Mumawadziwa: Misozi, Masiye, Mabvuto, Maliro. Langa ndi limodzi mwa maina oterewa, koma sindilitchula pano chifukwa nkhaniyi ikukhudzanso amayi anga. Ndinabadwa patangopita milungu itatu bambo ataikidwa m'manda. Kumudzi dzinali silinkandivuta, chifukwa m'kalasi mwathu mokha tinalipo angapo a maina otere. Linayamba kundilemera nditafika mu Lusaka.

Ndikulembera makamaka inu amene mwangotsika kumene basi pa Intercity ndi chikwama cha ukwa, ndiponso inu amene mwatha zaka mumzinda uno mukudziona ngati munthu wosawerengeredwa. Ine kuti ndidziwe kuti ndine wowerengeredwa, zinanditengera zaka zinayi, ntchito imodzi, ndalama zambiri ndi khungu la kumaso kwanga.

Ndinafika mu Febuluwale 2014. Zotsatira za Giredi 12 zinali zitatuluka: masamu ndinalephera, Chingerezi ndinangokhoza mwapendapenda, ndiye za koleji panalibe. Azakhali anandilandira ku Chawama, m'nyumba ya zipinda ziwiri momwe tinkagona anthu 7. Patapita miyezi iwiri anandipezera ntchito ya m'nyumba kumayadi, ya K600 pamwezi. Tsiku loyamba abwana aakazi anandifunsa dzina. Nditawauza anakwinya nkhope n'kunena kuti m'nyumba mwawo safuna dzina la tsoka, ndipo anandipatsa lina lachizungu pomwepo, atayima pakhomo la khichini. Ndisaname, ndinakondwa. Ndinkaona ngati andivula nsanza n'kundiveka chatsopano.

M'nyumbamo ndinali ndi kapu yangayanga ya pulasitiki, yobiriwira, imene inkapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko. Makapu ena onse ndinkatsuka ndine, koma kumwera ayi. Palibe amene anandimenya kapena kundimana chakudya. Koma kapuyo inkandiuza tsiku lililonse kuti ndine wa mtundu wanji, ndipo ndinayamba kuikhulupirira.

Kumudzi ndinawauza kuti ndikugwira mu ofesi. Mwezi ukatha ndinkatumiza K200, ndipo amayi akaimba foni kuthokoza, tsiku limenelo ndinkadzimva kuti ndine munthu. Mwezi umene ndalephera kutumiza, foni yawo sindinkayankha. Lamlungu ndinkabwereka diresi kwa msuweni wanga, kukwera minibasi mpaka ku Manda Hill, kujambulitsa pafupi ndi galimoto za eni ake n'kuika pa Facebook. Kalankhulidwe ndinasinthanso. Chichewa cha kwathu anzanga ankachiseka kuti n'chakumudzi, ndiye “ndikufuna” anasanduka “nifuna”, “ndikupita” anasanduka “niyenda”. Chinyanja cha mutauni chilibe mlandu, ndimachilankhula mpaka lero, koma ine ndinkachigwiritsa ntchito pobisala. Ngakhale nthabwala za chimbuya, zija Abemba amatiseka nazo ife akum'mawa kuti timadya mbewa, ena ankaseka n'kubwezera za anyani, ine zinkandilasa mumtima.

Kenako ndinayamba kudzola mafuta oyeretsa khungu ogula mumsika, opanda ndi pepala lomwe lofotokoza zimene asakanizamo. Miyezi yoyamba anthu ankati ndawala. Chaka chisanathe masaya anayamba kupsa ndi dzuwa, ndipo panatuluka zigamba zakuda zimene mpaka pano sizinatheretu. Anamwino anadzandiuza pambuyo pake kuti ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi mankhwala amphamvu opyapyalitsa khungu. Ngati mwayamba kale, pitani kuchipatala akakuuzeni kasiyidwe kake.

Mu 2016 mnzanga wina ananditengera kutchalitchi china chimene chinkasonkhana m'kalasi ya sukulu yobwereka. Sinditchula dzina lake, ndipo sindikunena kuti matchalitchi onse a mtundu umenewu ndi oipa, chifukwa ndikudziwa abusa achipentekoste okhulupirika amene sanadyepo ngwee ya munthu. Ndikunena za kumene ndinapita ine. Pakhomo anatipatsa kapepala ka alendo kuti tilembe dzina monga lilili pa reji (chiphaso cha unzika), kwathu, ndi vuto limene tabwera nalo. Mapemphero atafika pakati, Papa, monga tinkawatchulira, anayima n'kutseka maso. Anati muno muli mtsikana wochokera kum'mawa, dzina lake ndi la maliro, bambo ake anafa iye asanabadwe. Miyendo inandigwedera. Ndinagwa pansi ndikulira, chifukwa kwa nthawi yoyamba mu Lusaka munthu wina anaoneka kuti akundidziwa.

Za kapepala kaja ndinadzazikumbukira patapita zaka ziwiri. Zonse zimene ananena ndinali nditazilemba ndekha ndi dzanja langa.

Anandiuza kuti dzina langa ndi temberero, kuti amayi anandimangirira ku manda a bambo, n'chifukwa chake ndinalephera mayeso, n'chifukwa chake sindikukwatiwa. Kuonana ndi Papa pawekha inali K300. Kabotolo ka mafuta odzozedwa K100, madzi K50. Ndiye panali mbewu: mbewu ya ntchito, mbewu ya banja, mbewu yoswa temberero. Ankayamba kuitana a K5,000 kuti abwere kutsogolo, kenako a K2,000, kumatsika choncho, ndipo ife a K50 tinkapita kumapeto nyimbo zitazirala kale. Aliyense ankaona kuti wayimirira pa mtengo uti. Ndinali nditachoka kumudzi ndikudziyeza ndi zotsatira za mayeso, m'nyumba ya abwana ndikudziyeza ndi kapu, ndipo tsopano ndinaphunzira kuti ngakhale kwa Mulungu kuli mzere, ndipo ine ndili kumchira.

Choipa kwambiri n'chakuti ndinayamba kudana ndi amayi. Ndinasiya kutumiza ndalama, n'kumazipereka ngati mbewu. Akaimba foni ndinkayankha mwachidule, mumtima ndikuti ndinu munandilodza ndi dzina.

Lachisanu lililonse tinkachezera kupemphera usiku wonse, Loweruka m'mawa n'kupita kuntchito osagona. Tsiku lina ndinasinza ndikusita, ndipo ndinawotcha malaya a abwana aamuna. Kachiwiri ndinagona mwana ali m'bafa. Mwanayo sanavulale, koma anandichotsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo pamenepa sindingawanene, kulakwa kunali kwanga. Kutchalitchi anati ndi adani akulimbana ndi dalitso langa limene layandikira.

Ndinayamba salaula. Ndinkalawirira kumsika wa Soweto kukasankha kwa amene atsegula mabelo, n'kukayala m'mbali mwa msewu wa Lumumba. Tsiku labwino ndinkapeza K60 kapena K80 yapamwamba. Ndinachoka kwa azakhali, amene ankandiletsa za Papa, n'kupeza kachipinda ka K350 komweko ku Chawama. Kumayambiriro kwa Disembala 2017 ndinatenga kaloba ya K2,000 yoti ndidzabweze K3,000 mwezi ukatha, ndikuwerengera malonda a Khirisimasi. Wobwereketsayo anasunga reji yanga ngati chikole. Lamlungu lotsatira Papa analalikira kuti amene akufuna kulowa chaka chatsopano temberero litasweka abzale mbewu yowawa. Ndinayimirira pa K1,000. Kwa nthawi yoyamba ndinayenda kupita kutsogolo nyimbo zili pamwamba, anthu akuwomba m'manja, Papa n'kundigwira pamutu. Kukoma kwa mphindi imeneyo ndimakukumbukirabe, ndipo n'chifukwa chake sindiseka munthu amene akuchita zomwezi lero.

Kolera inali itayamba kale mu Okutobala. Chaka chikutha, ndi kumayambiriro kwa Januwale 2018, boma linatulutsa asilikali kukayeretsa mzinda, malonda a m'misewu analetsedwa, misika ina inatsekedwa, sukulu zinachedwa kutsegulira, odwala ankawatengera ku Heroes Stadium. Anthu ankafa, makamaka ku Kanyama ndi makomboni ena, ndiye kuyeretsako kunali koyenera. Koma ine ndinatsala ndi thumba la zovala zopanda pogulitsira ndi ngongole ya K3,000. Mwezi utatha inakwera. Pofika mu Malichi ankanditchulira K4,500. Anyamata a wobwereketsa anabwera n'kutenga foni, matiresi ndi mapoto awiri, anthu a papuloti akuonerera.

Ndinayenda wapansi kupita kwa Papa. Wothandizira wawo anandiimitsa pakhomo n'kufunsa K300. Nditamuuza kuti ndilibe ngakhale ya basi, anati mbewu yanga sinamere chifukwa ndinabzala ndi mtima wokayika. Ndinabwerera ndikukhulupirira zimenezo. Sindinaganize kuti andibera. Ndinaganiza kuti Mulungu wandiyeza n'kundipeza wopepuka.

Milungu itatu yotsatira ndinaithera pamphasa, chitseko chotseka. Sindinkasamba, njala sindinkaimva, usiku tulo osabwera. Ndinayamba kuganiza kuti zikanakhala bwino ndikanagona osadzukanso, ndipo maganizowo anayamba kukhala ndi njira zake. Ndikulemba poyera chifukwa wina amene akuwerenga ali pomwepo. Zikafika apa uzani munthu lero lomwe, aliyense amene ali pafupi, ndipo pitani kukiliniki. Kumeneko kuli aphungu, ndipo kupita kwa iwo si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ine ndinkaopa kuti anthu adzati wapenga, wa ku chipatala cha amisala cha Chainama, ndipo mantha amenewo akanandipha.

Papuloti pathu panali agogo ena ochokera ku Chadiza, ogulitsa vitumbuwa ndi malasha a m'timapulasitiki. Kwa chaka chathunthu ndinkangowapatsa moni wa pakamwa, chifukwa ankalankhula Chichewa chenicheni chija ndinkachithawa. M'mawa wina anagogoda, ndipo nditapanda kuyankha anakankha chitseko. Anali ndi kambale ka phala la nsinjiro. Anakhala pansi, miyendo atatambasula, n'kunena kuti, “Mwanawe, utsi sukutuluka m'nyumba muno masiku angati? Dzuka umwe.”

Nditamwa pang'ono anandifunsa dzina. Ndinawauza lachizungu lija. Anapukusa mutu. “Ilo ndimalimva. Ndikufunsa la kwanu. Ndiwe mwana wa yani, mfunda wako ndani?” Ndinawauza, mawu akunjenjemera, ndikudikira kuti nawonso akwinye nkhope. Iwo anangoti, “Oo, ndiwe Naphiri. Ine amayi anga anali Naphiri. Ndiye kuti ndiwe mayi wanga iwe, ungagone ndi njala ine ndili pano?” Ndinalira mpaka phala linazizira.

Agogowo sanandilalikire. Mawa lake anandiperekeza kukiliniki, n'kudikira pabenchi maola atatu ine ndili pamzere ndiponso ndikulankhula ndi phungu. Ndinapitako kangapo pambuyo pake. Madzulo ankandiitana kuti ndikawathandize kukanda ufa wa vitumbuwa, ndipo tikamaliza ankatulutsa Buku Lopatulika lawo lakale, lokutidwa ndi kansalu ka chitenje, n'kunena kuti maso awo atha, ndiziwawerengera. Tsopano ndimaganiza kuti maso awo ankaona bwino kuposa mmene ankanenera.

Zaka ziwiri ndili kwa Papa ndinali ndisanawerengepo mutu wathunthu wa Baibulo. Tinkangopatsidwa vesi limodzi, kulikuwa katatu, basi. Kwa agogo tinkawerenga nkhani yonse, pang'onopang'ono, iwo akudula ndi mafunso. Usiku wina tinafika pa Genesis 16, nkhani ya Hagara. Ndinali ndisanadziwe kuti m'Baibulo muli wantchito wa m'nyumba, mlendo wochokera dziko lina, amene anazunzidwa mpaka kuthawa. Agogo anandiuza kuti ndibwerezenso, ndione mmene Abramu ndi Sarai akumutchulira. Ndinabwereza. M'mutu wonsewo, akamalankhula za iye amangoti mdzakazi wanga, mdzakazi wako. Woyamba kumuitana ndi dzina lake ndi mngelo wa Yehova, kuchipululu, pa kasupe, ali ndi pakati, alibe kanthu m'manja. Anamutchula dzina n'kumufunsa kumene akuchokera ndi kumene akupita. Ndipo mkazi ameneyu ndi amene anatcha Mulungu dzina lakuti Mulungu wondiona.

Ndinatseka bukulo n'kufunsa agogo kuti Hagara anapereka chiyani kuti amuone. Anati, “Werenga, upeze.” Ndinafufuza mutu wonse. Sanapereke kanthu.

Pali mbali ya nkhaniyi imene inandivuta ndipo imandivutabe, pamene mngelo akumuuza kuti abwerere kwa Sarai. Ndamvapo anthu akugwiritsa ntchito vesi limeneli pobweza akazi kwa amuna owamenya, ndipo ine sindivomereza. Pa Genesis 21 Hagara akuchokanso m'nyumba imeneyo, ulendo uno osabwerera, ndipo Mulungu yemweyo akumva kulira kwa mwana wake n'kumuonetsa chitsime. Zimene ndinatolapo ine n'zakuti anaonedwa ali m'nyumba, anaonedwanso ali kunja.

Za temberero la dzina ndinachita kuwafunsa mwamantha. Agogo anaseka pang'ono, n'kunditsegulitsa 1 Mbiri 4, pakati pa mndandanda wa maina umene anthu ambiri amaudumpha. Pamenepo pali Yabezi, amene amake anamutcha dzina lokumbutsa ululu umene anamva pomubala. Lemba lomwelo likuti anali wolemekezeka kuposa abale ake, anapemphera, ndipo Mulungu anamuyankha. Sanasinthe dzina, sanalipire munthu. Tsiku lina tinawerenga Machitidwe 8, pamene Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu Woyera, Petro n'kumudzudzula koopsa chifukwa choganiza kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe. Apa m'pamene ndinakumbukira kapepala ka pakhomo kaja. Mkwiyo umene unandigwira usiku umenewo unali waukulu, koma unali chizindikiro chakuti ndayamba kuchira, chifukwa kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti chinandichitikira n'cholakwika, kuti sindinali woyenera kuchitiridwa zotero.

Ndikanadziwa kale, ndikanayang'ana zinthu zochepa ndisanakhazikike pa tchalitchi chilichonse. Kodi kupemphereredwa kuli ndi mtengo? Kodi ndalama za mpingo zimawerengedwa ndi anthu angapo n'kulengezedwa, kapena zimathera m'thumba la munthu mmodzi? Kodi m'busayo ali ndi akulu amene angamudzudzule? Ndipo chachikulu, kodi akukuyandikizani kwa abale anu kapena akukuuzani kuti mayi anu, azakhali anu, agogo anu ndiwo mfiti? Kupereka kutchalitchi n'kwabwino, ndimapereka mpaka lero. Koma ngati mukutenga kaloba kuti mupereke, imani kaye mufunse munthu wamkulu amene sapindulapo kanthu.

Mu Meyi ndinatsagana ndi agogo kutchalitchi kwawo, Reformed Church in Zambia, kumene anali a Chigwirizano cha amayi. Ndi mpingo umene unayambira kwathu kum'mawa, ku Magwero pafupi ndi Chipata, mu 1899, ndipo ndi umene amayi anga amapemphera. Ndinkaupeputsa kuti ndi wa nkhalamba, wopanda moto. Nditakhala pabenchi lakumbuyo, anayambitsa nyimbo imene amayi ankaimba akupeta chimanga, m'Chichewa chomwe chija ndinkachita nacho manyazi, ndipo anthu ovala masuti, aphunzitsi, anamwino, ogulitsa pamsika, onse ankaimba mofanana. Mbale ya chopereka inadutsa, ndinaponyamo K2, ndipo palibe anatembenuka. Sindikuti mpingo umenewu ndi wa angelo, muli anthu ndipo muli zofooka za anthu. Ndikungonena kumene ine ndinapumira.

Ndinalowa kalasi. Abusa potiphunzitsa anatchula funso loyamba la Katekisma wa Heidelberg, wa mu 1563, umene mipingo ya Reformed imautsatira. Limafunsa kuti chitonthozo chako chokha n'chiyani pa moyo ndi pa imfa, ndipo yankho lake limayamba ndi mfundo yakuti sindili wa ine ndekha, ndine wa Yesu Khristu, thupi ndi mzimu womwe, amene anandilipirira ndi mwazi wake. Mawu akuti kulipira anandigwira, chifukwa zaka zonsezo ndinali ndikuyesa kulipira ndekha: kwa amayi ndi K200, kwa anzanga ndi zithunzi, kwa Mulungu ndi mbewu. Ndinafunsa abusa ngati ndiyenera kusintha dzina kuti ndikhale Mkhristu weniweni. Anati, “Mwana wanga, pa Yesaya 43 Mulungu akuti ndakuitana ndi dzina lako, ndiwe wanga. Ukuganiza kuti akudziwa liti, la kwa abwana kapena limene anakupatsa amako?” M'buku la mpingo ndinalembetsa dzina la pa reji.

Musaganize kuti ngongole inasungunuka. Mkulu wa mpingo wa dera lathu, bambo wopuma pantchito ya uphunzitsi, anandiperekeza kwa wobwereketsa uja. Anakambirana nthawi yaitali, ine ndili chete, mpaka anagwirizana kuti chiwongoladzanja chiime, ndibweze K3,500, K250 mwezi uliwonse. Zinalembedwa papepala, mboni ziwiri n'kusayina, ndipo reji yanga inabwezedwa tsiku lomwelo. Ndinalipira miyezi 14. Miyezi ina ndinkadya nsima ya pamela (ufa wogula m'timapaketi) ndi repu wopanda mafuta kuti K250 ikwane. Matiresi ndi foni sizinabwerere. Pa zimenezi ndinaphunzirapo kuti reji kapena khadi la kubanki si zosiya kwa munthu, kuti ngongole iliyonse ilembedwe, ndiponso kuti wobwereketsa amalankhula mosiyana ukapita ndi munthu wamkulu. Ndinachedwa kupempha thandizo chifukwa cha manyazi, ndipo manyaziwo anandidyera ndalama zoposa K1,000.

Ntchito imene ndinapeza inalinso ya m'nyumba, kwa banja lina ku Chelstone. Kale ndikanaona ngati Mulungu sanandiyankhe. Tsiku loyamba mayi wa m'nyumbamo atandifunsa dzina, mtima unagunda, koma ndinatchula langa lenileni, ndipo ndinawonjeza kuti Lamlungu ndimapita kutchalitchi komanso ndikufuna tigwirizane za malipiro ndi maola tisanayambe. Mawu anatuluka monjenjemera, koma anatuluka. Anavomera. Akanakana ndikanapita kwina, ndipo kudziwa zimenezo kunali kwatsopano kwa ine.

Masamu ndinalembanso pa GCE mu 2019, ndinalephera. Ndinalira masiku awiri, ndipo mawu akale aja anabwerera, akuti ndiwe wa tsoka, ndiwe wa kumchira. Agogo anandipeza ndili choncho n'kunena kuti, “Naphiri, walephera masamu, sunalephere kukhala mwana wa Mulungu. Tenga nkhuni, moto ukuzima.” Mu 2020 kunabwera korona, matchalitchi anatsekedwa kwa kanthawi, ndalama zinavuta, sindinalembe. Ndinakhoza mu 2021. Panopa ndikusunga ndalama kudzera m'chilimba cha amayi a kutchalitchi kuti ndikaphunzire za uphunzitsi wa ana aang'ono. Sindinafike, ndipo masiku ena ndikaona anzanga a kusukulu atavala zaunamwino pa Facebook, kaduka ndi manyazi zimandigwirabe. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimadziwa kopita nazo. Ndimatsegula Luka 12, pamene Yesu akunena za mpheta zisanu zogulitsidwa timakobiri tiwiri, koma palibe imodzi imene Mulungu amaiiwala. Ine amene ndinagulitsapo malaya a K5 m'mbali mwa msewu ndimadziwa mmene chinthu chotchipa chimaponyedwera, ndiye vesi limeneli limandifika.

Chimene ndinachedwa nacho kwambiri ndi amayi. Ndinayambanso kutumiza ndalama ndi kuimba foni, koma bodza la ofesi linakhalapobe zaka 8. Agogo ankandikumbutsa mosakakamiza. Mu Ogasiti 2022 ndinakwera basi pa Intercity, yodzaza ndi anthu opita ku Kulamba ku Mkaika. Ulendo wa makilomita pafupifupi 500, kudutsa pa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Sinda, njira yonse ndikukonza mawu m'mutu.

Ndinawapeza pakhonde akusenda nsawa. Titadya, ndinakhala pamphasa pafupi nawo n'kuyamba kuwathandiza, chifukwa manja akakhala ndi chochita pakamwa pamamasuka. Ndinawauza zonse: kuti ofesi kunalibe, kuti ndimatsuka mbale ndi kuchapa za anthu, za kaloba, za Papa, za milungu itatu ija. Chomaliza, chimene chinali cholemera kuposa zonse, ndinawauza kuti ndinkawada chifukwa cha dzina, ndipo ndinapempha kuti andikhululukire.

Anakhala chete nthawi yaitali, akusendabe. Kenako anati za ofesi ankadziwa kalekale, azakhali anawauza chaka choyamba chomwe, ndipo ankangodikira tsiku limene ndidzanene ndekha. “Ndalama imene unkatumiza ndinkadziwa kuti yachokera m'madzi a sopo. Ndinkaigwira ndi manja awiri.”

Za dzina anayankha atapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. “Mwana wanga, chisoni chinali changa, sichinali chako. Bambo ako atapita ndinkafuna kuwatsatira. Ndinakutcha choncho kuti ndisadzaiwale pamene Mulungu anandipeza. Ukalira usiku ndinkadzuka, ndipo kudzuka kumeneko n'kumene kunandisunga.”

Kunja kunayamba kuda, mbuzi zikulowa m'khola. Amayi anakankhira lichero kwa ine, n'kundiitana ndi dzina langa lonse, mmene ankandiitanira ndili mwana, kuti ndikatenge nyali m'nyumba timalize nsawazo.